Kasinja wa Ajeremani ndi tambala wa alendo

Amuna anga anapuma pa ntchito chaka chimene mwana wathu wamkazi anapeza ntchito ku Lilongwe. Moyo wawo wonse anathera mosungira katundu pa fakitale ina ya sopo ku Makata, kuwerenga makatoni olowa ndi otuluka. Tsiku lina mabwana anawaitana, kuwathokoza kwambiri, n'kuwauza kuti makatoni aja tsopano aziwerengedwa ndi kompyuta ndi anyamata awiri a kontirakiti. Anafika kunyumba kuno ku Chilomoni atanyamula wotchi ya pakhoma ndi katoni ya sopo. Sopoyo anatithandiza. Wotchiyo inaima mvula isanayambe.

Ndinene kaye kuti amuna anga ndi munthu wotani. Ndi bambo wathupi, wofatsa, woyenda mosathamanga. Chikwatirane sindinawamvepo akutukwana munthu. Galimoto sanayendetsepo. Njinga yakapalasa anaiyesapo ali mnyamata, inakawataya m'chigwa, sanaikwerenso. Magazi amawaopa, moti nkhuku zonse zimene tinadya pakhomo pano ankatizingira ndi aneba athu a kuseri kwa mpanda.

Anebawo ndi bambo wowonda, Msilamu, wogulitsa nsapato za kaunjika pamsika. Makolo awo anafika ku Chilomoni kuno kukadali tchire. Iwo ndi amuna anga ankasewera bawo pansi pa mtengo wathu wa mapeyala madzulo aliwonse, aneba akangotseka benchi yawo. Akazi awo ndi mnzanga wa ponda apa nane m'pondepo, ndipo pampanda wathu tinasiya kampata kodutsirapo mchere, moto ndi nkhani. Ine ntchito yanga ndi yosoka mayunifolomu a sukulu pakhonde, choncho zonse zolankhulidwa pansi pa mtengo uja zinkandipeza ndili pamakina.

Miyezi yoyamba ya penshoni inawavuta amuna anga. Ankasesa pabwalo posesedwa kale. Ankawerenga mayunifolomu amene ndasoka, kuwaunjika bwinobwino, kenako kuwawerenganso. Mwana wathu atamva kuti bambo ake akungokhala ndwii, anawatumizira foni yaikulu ija yosisita ndi chala, kuti aziwaona nkhope akamacheza. Sindikudziwa chimene anakhudza pafonipo, koma tsiku lina ndinangomva mzungu wa mawu a besi akulankhula, kumbuyo kwake kukulira mizinga.

"Mayi, tasiyani kaye makinawo mudzaone chinthu ichi."

Ndinapita. Pagalasi panali kanema wakale wopanda mtundu, chichitsulo chachikulu chikuyenda m'munda n'kumagwetsa mitengo.

"Ndi thirakitala?"

"Thirakitala yake iti yokhala ndi mfuti kumutu? Ameneyu ndi kasinja wa Ajeremani, wa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Anamutcha Taiga, dzina la nyalugwe wa mizeremizere uja. Panthawi yake panalibe wofanana naye."

"Nanga mundawo ndi wa ndani?"

"Ine ndikukuonetsani kasinja, inu mukufunsa za munda."

Kuyambira tsiku limenelo pakhomo pathu panalowa mlendo wosadya chakudya koma wotha bandulo. Ine amene sindinapemphe sukulu ndinayamba kuphunzitsidwa. Ndinauzidwa kuti chitsulo cha kutsogolo kwa kasinjayo chinali chochindikala ngati chikhatho cha munthu wamkulu, ndipo anandionetsa ndi chikhatho chawo pa tebulo langa lodulirapo nsalu, pamwamba penipeni pa siketi imene ndinkadula. Zipolopolo za adani, akuti, zinkangonjanja ngati matalala padenga la malata. Mzinga wake unali wautali ndi wolunjika, woti ataima pachitunda chathu chino akhoza kuphwanya mnzake ali kutsidya kwa chigwa, winayo asanadziwe n'komwe kuti waonedwa. Mkati munkakhala anthu asanu: wolamula, wowombera, wolonga zipolopolo, dalaivala ndi wa wailesi. Asilikali a mbali ina ankamuopa kwambiri moti akaona kasinja aliyense wa Ajeremani, ngakhale wamng'ono, ankati ndi yemweyo.

"Ndiye chiwongolero chake, mayi, chofewa. Chinthu chonsecho munthu ankachikhotetsa ndi zala ziwiri," ankatero munthu amene sanagwirepo chiwongolero, zala ziwiri zili m'mwamba.

Posakhalitsa chitsulo chilichonse cha pakhomo chinayamba kuyesedwa mayeso. Ankagogoda geti, poto, mbaula, ngakhale makina anga, n'kupukusa mutu kuti zonsezi n'zopyapyala. Wamakala amene ankatibweretsera makala panjinga anaimitsidwa tsiku lina pageti, thumba lili pakaliyala, kufotokozeredwa za mzinga mpaka anatopa n'kuima. Kuchokera pamenepo ankadutsa pakhomo pathu osaitana malonda, ine n'kumachita kumuthamangira.

Pali chinthu chimodzi chimene ndinkachiona koma osachiganizira. Mavidiyo aja anali aataliatali, ndipo amuna anga ankawaonera akangotha kudya masana, atakhala pa mpando wawo wa ndalema. Mzungu uja ankayamba ndi kutama. Akamafika pakati, amuna anga ali kale m'tulo, foni ili pamimba ikukwera ndi kutsika. Mzunguyo ankapitiriza kulankhula yekha mpaka kumaliza. Chingerezi changa n'cha pamsika, ndiponso makina anga ndi aphokoso, choncho sindinkamva zimene ankanena kumapetoko. Eni ake akadzuka ankatsegula vidiyo ina n'kuyambanso pachiyambi.

Bawo nayo inayamba kuvutika. Amuna anga ankagwira nkhomo m'manja n'kuiwala kutaya, pakamwa pali kasinja. Aneba anapirira mpaka tsiku lina anati, "Achimwene, tandiponyerani nane mavidiyowo m'foni mwangamu. Masiku ano pamsika palibe makasitomala, ndizikaonera pabenchi."

Amuna anga anasangalala ngati mlaliki amene wapeza wotembenuka mtima. Anawaponyera onse. Koma munthu wolondera nsapato pamsika sagona. Aneba anaonera vidiyo iliyonse mpaka kumapeto.

Atabweranso ku bawo anakhala pansi, kuvula kachipewa kawo, kukapukuta, n'kukavalanso.

"Chinthu chanu chija ndachiona."

"Mwadzionera nokha. Chilombo."

"Chilombo ndithu. Kungoti chodwaladwala."

Amuna anga anaseka, poyesa kuti ndi nthabwala. Aneba sanaseke.

"Choyamba, kulemera. Milatho yambiri sinkamutha. Akafika pamtsinje ankayamba ayendayenda kufuna powolokera. Kamlatho kathu ka kumunsiku atangokaponda, tonse tiziwoloka titapinda mathalauza. Ndiye kumwa petulo. Akanabwera kuno ameneyu, nkhondo yonse akanathera pamzere wa mafuta, asilikali asanu aja atanyamula zigubu."

"Chinthu champhamvu chimadya."

"Chimadya, inde. Nanga mawilo? Anawalowetsana ngati zala zopingana. Lamkati likaonongeka, uyambe wachotsa akunja angapo kuti ulifike. Ku Rasha matope ankalowa pakati pa mawilo, kuzizira kukabwera n'kuuma gwa. Kukacha chilombo chanu chili pomwepo ngati nyumba, adani akubwera. Giyabokosi ndiye osanena, inkathyoka chifukwa cha katundu wa mwini wake yemwe."

"Zimenezo mwazitenga kuti?"

"Sindinamalize. Pokwera sitima ya pamtunda sankakwana, anali wotambalala. Ankachita kumuvula matcheni ake oyendera aja, kumuveka ang'onoang'ono, akafika kumuvulanso n'kumuveka akale. Ine ndimagulitsa nsapato, achimwene. Munthu wosintha nsapato pokwera sitima n'kusinthanso potsika, ameneyo si wa ulendo."

"Ndikuti mwazitenga kuti?"

"M'mavidiyo anu omwewo. Mzungu yemweyo. Kodi inu mumafika kumapeto?"

Amuna anga anayang'ana kwa ine. Ine ndinaweramira pa singano.

"Amenewo ndi mabodza a Angerezi," anatero. "Nsanje. Munthu amene anakuopsa sungamunenere zabwino."

Mkanganowo sunathe tsiku limenelo. Madzulo aliwonse aneba ankabwera ndi matenda atsopano a kasinja, amuna anga n'kuwayankha ndi chikhatho ndi mzinga zomwe zija. Wina akati mutu wa kasinjayo unkazungulira mochedwa, wina ankati wofulumira ndi wamantha. Wina akati injini inkatentha, wina ankati ndi madalaivala osadziwa ntchito. Palibe mwa awiriwa amene anatsegulapo boneti ya galimoto, koma ankakambirana za magiya ngati anabadwira m'galaja. Ine ndi mnzanga tinkaseka pakampata paja, poyesa kuti ndi zocheza za madala.

Tsiku limene zinaipa, aneba anabwera ndi nkhani ya kukoka. Anati kasinjayo akafa pamsewu pankafunika magalimoto okoka awiri kapena atatu, ndipo kasinja mnzake ankaletsedwa kumukoka kuopa kuti afa onse. Anati ambiri sanaphedwe ndi adani, anachita kuotchedwa ndi eni ake atatha mafuta kapena atathyoka, asilikali n'kumabwerera wapansi.

"Mwachidule, achimwene, chinali chinthu cholemera, chochedwa, chodula kuchisunga. Pamene Ajeremani akumaliza mmodzi, anzawo apanga mulu wa ang'onoang'ono otchipa, ndipo ntchito inatheka ndi otchipawo. Chanucho chinangotsala m'mbali mwa msewu, chiphakasa."

Ndinaimitsa makina, chifukwa ndinaona nkhope ya amuna anga. Aneba ankanena za chitsulo basi. Koma munthu amene anachotsedwa ntchito n'kulowedwa m'malo ndi anyamata awiri a kontirakiti anamva zina.

"Zotchipa zimenezo ndi zimene zathetsa dziko lino," anatero motsitsa mawu. "Anthu azolowera zotola. Mukasewere ndi otchipa anzanu."

Amuna anga ankanena za fakitale. Koma munthu wogulitsa nsapato zovalidwa kale naye anamva zake. Aneba anaimirira, kusiya nkhomo zimene zinali m'manja mwawo pampando, n'kutuluka. Sanadzere pakampata. Anazungulira kukatulukira pageti ngati mlendo.

M'mawa mwake ndinadzutsidwa ndi hamala. Amuna anga anali atatenga lata lakale n'kulikhomera pakampata paja. Atamaliza analigogoda n'kunena okha kuti n'lopyapyala, koma likhala.

Moni anatha. Akakumana pamsewu, wina ankayang'ana phiri, wina ankayang'ana nsapato za anthu odutsa. Ine ndi mnzanga tinayamba kucheza pamwamba pa mpanda, aliyense atakwera pa ndowa yovundikira. Anthu a m'dera lathu anaona lata lija ndipo anafuna kudziwa chimene chalekanitsa madala awiri amene ankadyera mbale imodzi. Ena anati ndi malire a puloti. Ine akandifunsa ndinkangoti ndi nkhani za abambo, chifukwa ndinkachita manyazi kunena kuti akulimbirana galimoto ya nkhondo imene inatha onse asanabadwe.

Kusayankha kwangako kunabala zake. Tsiku lina kunabwera mayi wina wamkulu wa m'bungwe lathu la amayi kutchalitchi, atavala yunifolomu ya bungwe ngakhale silinali tsiku la mapemphero. Anakhala pafupi ndi makina, kundigwira dzanja, n'kuusa moyo.

"Mwana wanga, usabise. Tamva zonse."

"Mwamva zotani, amayi?"

"Za mkazi uja akumutcha Taiga. Akuti ndi wa ku Ndirande."

Ndinagwira pakamwa, iwo n'kuyesa kuti ndagwidwa ndi chisoni.

"Odutsa pamsewu akhala akumva okha. Akuti ndi wathupi, womwa kwambiri, wodula kumusunga, komanso wodwaladwala. Anebawo anayesa kuwachenjeza amuna ako, iwo n'kumamuikira kumbuyo kuti palibe wofanana naye. Amuna akapuma pa ntchito amatero, mwana wanga. Tiye tipemphere."

Ndinayesa kufotokoza kuti ndi kasinja, chitsulo, cha ku Jeremani. Anandisisita paphewa n'kunena kuti mkazi wabwino amabisadi manyazi a mwamuna wake. Tinapemphera. Popempherapo anamutchula Taiga ndi dzina, kuti achoke pabanja lino ndipo asadzabwerenso, ine n'kuvomera ndi mtima wonse.

Zili choncho, mwana wathu anaimba foni kuti wapeza mnyamata womanga naye banja, ndipo amalume ake a mnyamatayo, a ku Machinjiri, abwera Loweruka kudzafunsira mbeta. Ndinaitana achimwene anga, amalume ake a mwana, kuti adzawalandire. Ndinagula tambala wamkulu wofiira n'kumumangirira kuseri kwa nyumba. Kenako ndinafunsa funso limene linali loti lifunsidwe.

"Bambo, nanga tambalayu atizingira ndani? Ndikapemphe kwa aneba?"

"Pakhomo pano pali mwamuna."

"Mwamunayo ndikumudziwa, ndiye ndikufunsa."

"Munthu amene amadziwa za nkhondo sangalephere nkhuku."

Loweruka kunacha kutagwa mvula yambiri. Amuna anga ananola mpeni pamwala mpaka ndinaopa kuti utha. Anakonza malo, kukumba kadzenje ka magazi, kuvula malaya n'kutsala ndi vesiti. Anamasula tambala, kumugoneka pansi, kuponda mapiko ndi phazi limodzi, miyendo ndi phazi lina, monga ankaonera aneba akuchitira. Kenako anatsinzina ndi kuyang'ana kumbali. Mpeni usanafike pakhosi, tambala anali atasolola phiko, kuwamenya nalo kumaso, n'kuuyatsa ulendo wa kumunsi.

Puloti yathu ili potsetsereka, ndipo kumapeto kwake kuli ngalande imene madzi a mvula anakumba, yopapatiza koma yakuya kufika m'chiuno. Aka kanali koyamba m'banja lathu kuwaona amuna anga akuthamanga. Anayamba bwino. Vuto linali kuima. Tambala atafika pangalande anakhota, iwo anapitirira. Mapazi anatsogola, thupi linatsatira, n'kukakhala phwaa m'ngalande muja, atapanikizika mbali zonse ngati chivundikiro cha botolo, mwendo umodzi utapindikira pansi. Mpeni unali m'manja. Tambala anakwera chitunda mwaulemu, kulowa pansi pa lata lija, n'kukaima m'bwalo la aneba.

Ndinayamba ndawalanda mpeni. Ndinawagwira manja n'kukoka, osasuntha. Ndinakuwira mnzanga, anazungulira pageti n'kubwera, tinakoka awiri, osasuntha, ndipo iwo ankabuula kuti bondo. Mnzanga anapita kukaitana amuna ake, amene anali atanyamula kale thumba la nsapato kuti azipita kumsika.

Aneba anabwera n'kuima m'mphepete mwa ngalande. Anayang'ana amuna anga, kuyang'ana ife awiri tili matope okhaokha, n'kuyang'ananso amuna anga. Ndinaona mawu akufika pamilomo pawo. Akazi awo anawayang'ana diso limodzi lokha, mawuwo n'kubwerera. Anapita kwawo kukatenga chingwe, n'kuimitsa wamakala uja amene ankadutsa pamsewu mwakachetechete. Tinawamanga chingwe m'khwapa, tonse anayi n'kukoka. Anatuluka ndi phokoso la matope, nsapato imodzi itatsalira pansi.

"Pondani ndi wakumanzere," anatero aneba. Anangonena zokhazo. Tinawagwirizira mpaka m'nyumba.

Ndikutereka madzi oti amuna anga asambe, mnzanga anandiitana pampanda n'kundipatsira beseni. Munali tambala, atazingidwa bwinobwino.

Mwamwayi nkhani ya mbeta amakamba ndi amalume, choncho achimwene anga ndiwo anakhala ndi alendo pabalaza, ndipo zonse zinayenda bwino. Alendo atadya anapempha kuti apereke moni kwa bambo a mwana. Anawapeza atagona pamphasa kuchipinda, bondo litakulungidwa thaulo. Atafunsidwa chimene chachitika, amuna anga anati anaterereka poyendera malire a puloti. Alendo anapepesa, n'kuyamikira kuti nkhuku inali yokoma.

Pofika Lolemba bondo linali litatupa ngati papaya. Kunali koyenera kupita kuchipatala, koma ine ndekha sindikanatha kuwatsitsa chitunda mpaka pa siteji ya minibasi. Ndikuganizira zimenezi, ndinaona aneba ataima pageti, atavala malaya awo opitira ku mzikiti, opanda thumba la nsapato. Sanapereke moni kwa amuna anga. Anangolowetsa phewa lawo lowonda m'khwapa mwawo, ine mbali inayo, n'kuuyamba.

M'njira monse ankalankhulana kudzera mwa ine.

"Mayi, auzeni asamalemere mbali imodzi."

"Mayi, auzeni kuti sindinawaitane."

"Auzeni kuti ndabwera chifukwa cha inu, kuti msana wanu usathyoke."

Anthu a mu minibasi ankatiyang'ana, chifukwa awiriwa anakhala mogundana mapewa ndipo ine ndinali mpando wakumbuyo.

Kuchipatala tinapeza mzere wautali wa pamabenchi, woti wina akalowa nonse mumasendera. Titakhala kanthawi, amuna anga anatulutsa foni n'kutsegula kasinja wawo, mawu atatsitsa. Pafupi nawo panakhala bambo wina wamagalasi, wocheperapo msinkhu, mkono uli m'chikhakha. Anasuzumira pafoni, kumwetulira, n'kulowerera osaitanidwa.

"Madala, mukuonera chimenecho? N'chachabechabe. Kasinja weniweni anali wa Arasha uja. Chitsulo chake anachipendeketsa kuti zipolopolo ziziterereka, wopepuka, wosavuta kukonza, ndipo ankapangidwa ambirimbiri. Cha Ajeremanicho chinali chongoopsezera ana."

Amuna anga anatsegula pakamwa, koma amene anayankha ndi aneba.

"Bambo, munaonera mpaka pati?"

"Ndaonera zambiri."

"Ndiye munaona kuti wanu wopendekekayo ankabooledwa ali kutali, iye mfuti yake isanafike n'komwe? Munaona kuti ankachita kubwera gulu kuti alimbane ndi mmodzi? Chitsulo cha kutsogolo cha uyu chinali chonchi." Anatambasula chikhatho chawo pamaso pa munthu uja. "Matenda ake musandiuze, ndikuwadziwa onse, anawatulukira ndine. Koma kunena kuti chongoopsezera ana, ayi. Akulu ndiwo ankathawa."

"Giyabokosi inalidi yovuta," anatero amuna anga, akuyang'ana pansi.

"Inali yovuta, koma ikagwira inkagwira," anatero aneba.

"Ndi mawilo aja sanawaganizire bwino."

"Anawaganizira, achimwene. Kulowetsana kuja kunali koti kulemera kugawikane, asamatitimire, komanso aziyenda mosagwedeza wowombera. Kungoti sanafunse za matope a kwa eni."

Wamagalasi uja sanali munthu wogonja. Anati nkhondo anapambana ndani. Aneba anati funso limenelo n'lina, amuna anga anati n'lina ndithu, onse awiri n'kumuunjirira. Mzere unkasendera, iwo osasendera. Anthu anayamba kuwadumpha. Ndinawakodola, osamva. Namwino anaitana wotsatira, kuitananso, kenako anatuluka n'kuima patsogolo pawo manja ali m'chiuno.

"Abambo atatu inu, kuno n'kuchipatala. Nkhondo yanuyo mukamenyere panja. Wodwala ndani apa?"

Tinalowa pomalizira penipeni. Dokotala anagwiragwira bondo n'kunena kuti fupa lili bwino, yangopindika ndi mitsempha. Analimanga bandeji, kulemba mankhwala, n'kuwauza amuna anga kuti mawondo awo akunyamula katundu woposa mphamvu zake, achepetse thupi ndipo bondo likapola aziyenda m'mawa uliwonse. Aneba anali ataima pakhomo la chipindacho. Anakhosomola pang'ono n'kuyang'ana kudenga.

Pobwerera awiriwa anakhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala, akugwirizana kuti munthu wamagalasi uja ndi wosaphunzira ndipo mwina mkonowo anathyola chifukwa cha makani. Palibe anapepesa mnzake, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Lata lija ndinachotsa ndekha chifukwa ndinkafuna kufolera khola, ndipo palibe anandifunsa.

Ukwati wa mwana wathu unachitika chilimwe chotsatira. Kutatsala pang'ono, mwanayo anawakhazika pansi bambo ake n'kuwauza kuti akapatsidwa maikolofoni muholo, mawu oti kasinja, Jeremani kapena giyabokosi asatuluke. Analonjeza, ndipo anasunga lonjezo. Analankhula mwachidule za kupirirana m'banja, anthu n'kuwomba m'manja. Koma pa nthawi ya zithunzi mkwati anasowa. Tinamufunafuna mpaka ndinakamupeza kuseri kwa holo, suti ili m'thupi, duwa lili pachifuwa, ataimikidwa pakati pa apongozi ake ndi aneba. Wina ankafotokoza za mzinga, wina za milatho. Mnyamatayo anali atapinda manja kumbuyo mwaulemu, akugwedeza mutu kwa uyu, kugwedezanso kwa uyo. Atandiona anandiyang'ana ndi maso opempha thandizo. Ndinamugwira mkono n'kupita naye kwa mkazi wake, madala awiri aja akutitsatira pambuyo, mmodzi akutsimphina, akumuuza kuti akapeza mpata adzabwere ku Chilomoni adzamve zotsala.